Kodi tidikire zimene analonjeza, kapena tisamukire kwina?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene akutsogolera kagulu ka anthu atatu olemba mapulogalamu. Iwo akupanga pulogalamu ya pa intaneti yosungira mbiri ya makasitomala ndi malisiti, ndipo anasankha pulatifomu inayake, kutanthauza maziko opangidwa kale omangirapo mapulogalamu, chifukwa eni ake analonjeza kuti posachedwapa izitha kugwira ntchito ngakhale netiweki itaduka, n'kumatumiza zonse ku seva (kompyuta yaikulu yosunga deta yonse) netiwekiyo ikabwerera. Tsiku lotulutsira mbali imeneyi lasunthidwa kawiri, ndipo funso lawo ndi lakuti kodi adikirebe, asamuke, kapena adzipangire okha chimene chikusowacho.

Ndikuyankheni mosabisa mawu: posankha pulatifomu, chinthu chimene sichinatuluke muzichiwerengera ngati kulibe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo mbiri ya ntchito yathuyi ikuwavomereza. PHP 6, mtundu watsopano wa chinenero cholembera mapulogalamu cha PHP, inayamba kukonzedwa mu 2005 kuti izisamalira bwino zilembo za Unicode (dongosolo la zilembo za zinenero zosiyanasiyana), mpaka mabuku ena anasindikizidwa ali ndi dzina lake pachikuto, koma ntchitoyo inasiyidwa mu 2010 ndipo chimene chinadzatuluka mu Disembala 2015 chinali PHP 7. Dongosolo la ma module, logawira pulogalamu m'zigawo, mu chinenero cha Java linkayembekezeredwa mu Java 7, linasunthidwira ku Java 8, koma linadzafika mu Java 9 mu 2017. Ngakhale gulu lopanga React, chida chopangira mawonekedwe a mapulogalamu, limene linali ndi akatswiri ndiponso ndalama za Facebook, linanena mu 2018 kuti mbali yatsopano yotchedwa Concurrent Mode ituluka chaka chotsatira, koma zambiri mwa zimenezi anthu anadzazilandira mu React 18 mu Malichi 2022. Onsewa sanali onyenga. Ntchito inangowakulira kuposa mmene ankaganizira.

Choncho chofunika kufufuza si tsiku latsopano limene akupatsani, koma chimene chikuchedwetsa. Mbali imene mukudikirayi ndi imodzi mwa zovuta kwambiri, chifukwa kusunga zinthu mu foni kapena mu kompyuta netiweki ikaduka n'kosavuta, pamene vuto lenileni limabuka anthu awiri akasintha lisiti imodzi aliyense ali kwayekha, pulogalamu n'kumafunika kugamula kuti zolondola ndi za ndani. Ngati pulatifomuyo inamangidwa poganiza kuti seva ndiyo imasunga choonadi nthawi zonse, kuwonjezera zimenezi kumafuna kugumula maziko, osati kungopaka utoto. Afunseni eni pulatifomuyo ngati pali beta, kutanthauza mtundu woyeserera, imene mungaike pa kompyuta yanu lero n'kuiyesa ndi deta yanu. Ngati khodi yawo ili poyera, monga pa webusaiti yosungira khodi ya GitHub, onani kuti ndi anthu angati amene agwirapo mbali imeneyi m'miyezi yapitayi, ndiponso ngati mafunso a ena akuyankhidwa. Mukapeza kuti chilipo ndi zithunzi zokongola ndi mawu akuti "posachedwa" basi, yankho mwalipeza kale.

Palinso ngozi ina imene anthu saiganizira, yakuti lonjezo likhoza kukwaniritsidwa m'njira yokupwetekani. Angular 2, yolowa m'malo mwa AngularJS, chida chomangira mapulogalamu a pa intaneti, itatuluka mu Seputembala 2016 inali yolembedwanso kuyambira pachiyambi, moti amene anamanga pa AngularJS anayenera kulembanso mbali zazikulu za mapulogalamu awo. Pulatifomu ya Parse nayo, imene Facebook inagula mu 2013, inatsekedwa mu Januwale 2017, ndipo chimene chinapulumutsa ambiri n'chakuti khodi ya seva yake inaperekedwa poyera.

Komabe sindikukuuzani kuti mulongedze katundu mawa, pakuti kusamuka nako kumadya miyezi, ndipo pulatifomu yatsopanoyo mudzaipeza ili ndi zilema zake zimene panopa simukuziona. Dzifunseni funso limodzi: kodi makasitomala anu angagwiritse ntchito pulogalamuyi popanda mbali imeneyi? Ngati sangathe, samukani tsopano khodi yanu ikadali yochepa, ndipo pitani kumene zimenezi zikugwira kale ntchito, mwachitsanzo PouchDB pamodzi ndi CouchDB, zimene zinapangidwira kugwirizanitsa deta mwa njira imeneyi. Ngati angathe, khalani pomwepo, koma pangani kachigawo kakang'ono kanuko kogwiritsa ntchito service worker ndi IndexedDB (zida za mu browser zothandiza pulogalamu kugwira ntchito ndi kusunga deta popanda netiweki), kongosunga malisiti atsopano mpaka netiweki ibwerere, osalola kusintha akale. Pa anthu atatu, ine ndingasankhe njira yachiwiriyi, malinga deta yanu ili m'malo amene mungaitulutse mosavuta, monga mu pulogalamu yosungira deta ya PostgreSQL, ndipo malamulo a bizinesi yanu sanalukanelukane ndi khodi ya pulatifomuyo.

Dziikireninso tsiku lanulanu, mwina miyezi itatu kuchokera lero, ndipo mugwirizane ndi anzanuwo molemba kuti likadzafika popanda beta yogwirika mudzachita chiyani. Pakadali pano, mbali imeneyi musailembe mu mgwirizano uliwonse ndi makasitomala anu, chifukwa eni pulatifomu akadzasunthanso tsiku kachitatu, amene adzaimbiridwe foni ndi inuyo.