Opaleshoni ya msana yatha, manje ndani agwire fayilo?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa amayi ena a ku Chelstone, dzina sinditchula. Mwachidule akuti amuna awo, omwe amagwira nchito yonyamula katundu mu warehouse, anachitidwa opaleshoni yolumikiza mafupa a msana wa m'munsi, pa L4 ndi L5, masabata atatu apitawo. A HR, ofesi yoona za anchito ku kampani, awauza kuti a inshuwalansi apereka case manager, ndiye funso lawo ndi lakuti ameneyu ndani, nchito yake ndi chani, nanga amukhulupirire kapena wangobwera kudzathamangitsa abambo kuti abwerere ku nchito msana usanapole?

Amayi, choyamba pepani ndi matenda. Ine sindine dokotala, ndiye pamene zonena zanga zasemphana ndi za amene anang'amba msanawo, tsatirani iwo.

Muone kaye chomwe chachitika mkatimo, chifukwa china chilichonse chikuchokera pamenepo. Masikuluwu ndi tizitsulo tomwe anaika sindiwo machiritso ayi, tangogwirizira mafupa awiriwo kuti asasunthe pomwe fupa latsopano likumera pakati pawo mpaka akhale amodzi. Kumerako nkochedwa, miyezi 3 mpaka 6 kuti liyambe kugwira, ndipo kuti likhwime bwinobwino chaka chimatha, ena kupitirira. Bala la panja limapola pa masabata awiri chabe, apa ndi pomwe anthu amanamizika, achibale aona munthu akuyenda pabwalo akuseka basi ati wachira, a ku nchito nawo ayamba kuimba foni.

M'miyezi yonseyi abambo adutsa m'manja ambiri, dokotala wa opaleshoni, a physio ophunzitsa zolimbitsa thupi, a X-ray, kiliniki yochotsa ulusi, a HR, olipira bilu, ndipo anthu amenewa sakhala pansi pamodzi olo tsiku limodzi, aliyense amadziwa kachigawo kake. Case manager ndi munthu woti azilumikiza onsewa. Kawirikawiri amakhala nesi kapena social worker. Sapereka mankhwala, sagwira msana. Amaona kuti tsiku la review, lobwerera kukaonedwanso ndi dokotala, lasungidwa, kalata yopita ku physio yalembedwa, inshuwalansi yavomereza kulipira masesheni asanayambe osati mutafika kale pa windo, ndiponso kuti a ku nchito amva zomwe dokotala waletsa.

Nanga mumukhulupirire? Ali ngati ankhoswe, amathandizadi banja koma muyenera kudziwa kuti atumidwa ndi mbali iti. Amene amalipidwa ndi inshuwalansi amayang'ananso ndalama za inshuwalansiyo, si zoipa, ndi nchito yake, ndipo wabwino amadziwa kuti munthu wobwezedwa msanga ku katundu amadzadya ndalama zambiri pa opaleshoni yachiwiri. Koma mufunseni poyera tsiku loyamba lomwe kuti amapereka lipoti kwa ndani, ndi zinthu ziti za matenda zomwe adzauze abwana. Abwana safunika kuwerenga fayilo yonse ya kuchipatala, akungofunika kudziwa zomwe munthu angachite ndi zomwe sangachite, ndipo abambo asasayine pepala lachilolezo asanaliwerenge. Tsiku lobwerera ku nchito salamula case manager, amalamula dokotala. Case manager akanena zina pa foni, muuzeni mwaulemu kuti azilembe pa WhatsApp kapena pa imelo.

Manje zoona zake kuno ku Lusaka nzakuti ambiri alibe munthu wotere, ndipo olo inu amene mwapatsidwa, iye ali ndi odwala ena ambirimbiri, sadziwa kuti chimbudzi chanu ndi chokhalira kapena chonjuta. Ndiye theka la nchitoyi ndi lanu, kapena la wachibale mmodzi wamutu wozizira, mmodzi osati komiti ya banja lonse pa gulu la WhatsApp. Gulani fayilo ndi kabuku. Muikemo kalata yotulukira m'chipatala, lipoti la opaleshoni lonena mafupa ake ndi zitsulo zomwe anaika, ma X-ray, maina a mankhwala, malisiti onse, ndipo chilichonse muchijambulenso pa foni. Amene anakachitidwira ku India kapena ku South Africa izi ndiye zofunika kawiri, chifukwa dokotala wa mafupa wa kuno, kaya ku chipatala cha UTH kaya cha Levy Mwanawasa, ayambira pa mapepala omwe mwabwera nawo, ndipo ndi bwino kumupeza mukangotsika ndege osadikira kuti pavute.

Mukapita ku review musapite manja lende. Lembani mafunso kunyumba, chifukwa mukalowa muja mzere uli panja mutu umauluka. Physio ayambe liti? Ambiri amayambitsa pakati pa masabata 6 ndi 12, koma dokotala aliyense ali ndi njira yake. Lamba wa msana avale mpaka liti, ngati anapatsidwa? Anyamule makilo angati? Galimoto ayendetse liti? Yankho mulembe pomwepo, ndipo zoletsazo dokotala azilembe pa pepala loti mukaonetse a physio ndi a HR. Mufunsenso za mankhwala a ululu, chifukwa madokotala ambiri safuna brufen ndi diclofenac m'miyezi yoyamba poti angachedwetse fupa kugwira, ndipo kwathu kuno amenewa ndi omwe timangogula pa drug store osafunsa munthu. Tramadol ndi anzake amamanga m'mimba, ndiye madzi ambiri, ndiwo zamasamba, mapapaya. Fodya ndiye mdani weniweni wa opaleshoni imeneyi, nikotini amachepetsa magazi opita ku fupa ndipo osuta ndi omwe fupa limakana kulumikizana kawirikawiri. Ngati abambo amasuta, nkhani yake ithe lero. Ngati ali ndi shuga, ayezedwe pafupipafupi, bala la munthu wa shuga wokwera limachedwa.

Za kunyumba ndi zomwe palibe ofesi ingakuchitireni. Malamulo a masabata oyambawa ndi atatu, osawerama, osapotokola thupi, osanyamula zolemera, nthawi zambiri osapitirira makilo 4 kapena 5. Chigubu cha madzi cha malita 20 ndi makilo 20, thumba la unga lija ndi makilo 25, mdzukulu wothamangira kuti agogo andinyamule nayenso ayi. Matilesi apansi ayi, bedi ikhale yokwera, podzuka azigubuduka thupi lonse pamodzi kenako miyendo pansi. Chimbudzi chonjuta ikani mpando woboola. Sofa yonyoshoka ija ya pa sitting room aisiye kaye, akhale pa mpando wolimba mphindi 20 kapena 30 kenako aimirire. Koma musawagoneke tsiku lonse chifukwa cha chisoni, kuyenda ndiye mankhwala aakulu pano, pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, kuwonjezera sabata ndi sabata. Za minibus ndi mahampu ake ndi kupanikizana kumpando wakumbuyo, ine ndingati pa maulendo a review pezani takisi ya Yango olo movutikira, akhale kutsogolo. Physio ikayamba funsani ngati angatumizidwe ku chipatala chapafupi ndi kwanu, chifukwa anthu ambiri amasiya masesheni osati chifukwa cha ulesi koma transport.

Pali zina zosadikira review kapena foni ya case manager. Kutentha thupi, bala kufiira kapena kutulutsa madzi ndi mafinya, mwendo kufooka mwatsopano, dzanzi pakati pa miyendo, kulephera kukodza kapena mkodzo ndi chimbudzi kungotuluka, katumba wa mwendo kutupa ndi kuwawa, kubanika. Izi ndi zothamangira ku chipatala, ku casualty, nthawi yomweyo olo ndi usiku.

Tifike pa ndalama, pomwe ndikuona kuti mtima wanu uli. Lamulo la za nchito la Zambia, Employment Code Act ya 2019, limati wa kontrakiti yaitali akadwala amalandira malipiro onse miyezi itatu yoyamba, theka miyezi itatu yotsatira, ndipo ikatha miyezi 6 asanachire abwana angathe kumuchotsa nchito dokotala akavomereza. Onani mmene masiku amenewa akugundirana ndi kumera kwa fupa, wa mu ofesi amatha kubwerera pa masabata 6 mpaka miyezi itatu, koma wonyamula katundu ngati abambo ndi miyezi 3 mpaka 6 kapena kuposa. Apa ndi pomwe case manager angakupindulireni zenizeni. Musadikire mwezi wachisanu, muuzeni pano ayambe kukamba ndi a HR za nchito yopepuka, kulemba stock, kuwerenga katundu pa geti, maola ochepa poyamba, zonse zolembedwa ndipo dokotala asayine. Ngati msanawo unavulala pa nchito, funsani ngati kampani inapereka lipoti ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe lolipira ovulala pa nchito, ndipo mupemphe kope lake. Khadi ya NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, nayo muonetsetse kuti zopereka zikulowabe pomwe ali pa sick leave, mufunse ku desiki yawo pachipatala zomwe amalipira pa physio ndi X-ray, yankholo mulembe m'kabuku kaja pamodzi ndi tsiku ndi dzina la amene wakuyankhani.