Funsani Tikuyankheni: Aden ndi Mafumu a Aluya

Funso: Kodi Angerezi ankalamulira bwanji doko la Aden, popeza linazunguliridwa ndi mafuko a Aluya okhala ndi mafumu awoawo? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Angerezi, motsogozedwa ndi Stafford Haines, analanda Aden, doko lomwe lero lili m'dziko la Yemen, m'manja mwa mfumu ya dera loyandikana nalo la Lahej mu 1839, chifukwa ankafuna malo oti sitima zopita ku India zizitengerapo malasha. Kwa zaka zambiri dokoli linkayang'aniridwa kuchokera ku Bombay (lero Mumbai) ku India, ndipo linachoka m'manja mwa boma la Angerezi la ku India mu 1937. Malonda anakula msonkho wa katundu utachotsedwa mu 1850, makamakanso ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, moti khofi amene kale ankatulukira padoko lina la Mocha anayamba kudzera ku Aden.

Kumtunda zinthu zinali zosiyana. Atsamundawo anaona kuti nkhondo ingawadyere chuma chambiri, choncho ankachita mapangano ndi mafumu n'kumawalipira ndalama kuti asatseke njira za ngamila zobweretsa chakudya ndi nkhuni mumzindamo, komanso kuti asagwirizane ndi mayiko ena. Kunena zoona, umenewu unali mtendere wogula, chifukwa mafumuwo ankapitiriza kuweruza anthu awo monga kale. Angerezi anachoka mu 1967.