Mimba zathu sizigaya shuga mofanana

Achemwali, pa vuto lanu la m'mimba limene mwafunsali, amene akukuuzani kuti ndi maganizo chabe asiyeni, sanakhalepo m'minibasi mimba ikupotokola. Ine zinandigwera pochokera ku ukwati kumudzi. Ndinamwa thobwa la shuga wambiri, tiyi ndi mandasi, n'kumatafunanso nzimbe panjira. Tisanafike pa Dedza mimba inatupa ngati ng'oma, thukuta kamukamu, m'matumbo mukulira mpaka mayi amene ndinakhala nawo anatembenuka. Ndinachonderera kondakitala kuti aimitse, iye n'kumaseka, ati pano si pasiteji. Atanditsitsa ndinathamangira m'tchire, galimoto n'kupita ndi chikwama changa. Ndinalira.

Koma anandipweteka kwambiri ndi dokotala wina. Osandigwira n'komwe pamimba, wangolemba zilonda za m'mimba, omeprazole, Flagyl, pitani. Nditabwererako akuti ndimaganiza kwambiri, ndipeze banja. Munthu wophunzira kuyankhula choncho!

Dokotala wina wa matumbo ndiye anadzati ndi IBS, vuto la matumbo limene limachititsa mimba kupotokola, kutupa, kutsegula kapena kudzimbidwa, n'kundifotokozera bwinobwino. M'matumbo aang'ono muli enzyme (chothandiza kugaya chakudya) yotchedwa sucrase-isomaltase, imene imaphwanya shuga wa nzimbe ndi mbali ya sitachi. Ena amabadwa nayo yofooka, kutengera kwa makolo. Shuga wosagayikayo amatsetserekera m'matumbo aakulu, amakoka madzi, mabakiteriya n'kumusasitsa, ndiye mpweya ndi kutsegula kuja. Ofufuza anapeza kuti kufooka kumeneku kumapezeka kwambiri mwa odwala IBS kusiyana ndi anthu ena. Ku Greenland, pakati pa a Inuit, alipo ambiri amene shugayu sagaya chibadwire.

N'chifukwa chake mndandanda wa zakudya za odwala IBS wotchedwa low FODMAP umene mwatumiziridwawo, wochokera ku Monash University ku Australia, suthandiza aliyense. Umachotsa nyemba, anyezi, adyo, tirigu ndi mkaka, koma shuga wa mu tiyi suletsa. Ine ndinasiya nyemba kwa nthawi yaitali, mimba osasintha. Nditasiya ndekha shuga, thobwa lotsekemera ndi zakumwa za m'mabotolo, ndipomwe ndinapuma. Nsima ndimadya, yochepa.

Komabe inu musayambe kudula zakudya panokha, mungafooke. Pitani kuchipatala, mukaumirire kuti akumvetsereni, ndipo muzilemba zimene mwadya ndi mmene mimba yachitira. Mukaona magazi m'chimbudzi kapena mukuwonda popanda chifukwa, musadikire mayankho athu pano, pitani lero lomwe.