Chitaliyana chikundichititsa manyazi, nditani?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndili ku Bergamo, mzinda wa ku Italy, chaka chachiwiri tsopano, ndimasamala agogo ena aakazi pakhomo pawo, ntchitoyi kuno amati badante. Chitaliyana ndimamvako ndithu koma agogowa akayamba kucheza ndi anzawo palibe olo chimodzi chomwe ndimatolapo. Tsiku lina ku shopu ndimafuna ulusi woluka, lana, ine nkunena kuti rana, kumene ndi chule, wogulitsayo anaseka mpaka misozi ndiye kuyambira pomwepo ndimangoloza ndi chala. Kodi mutu wangawu ndi wouma?
Mayi wa ku Bergamo

YANKHO: Ayi achemwali, mutu wanu ulibe vuto ndipo zandikhudza kuti mwafika pomangoloza ndi chala. Agogowo akakhala ndi anzawo sayankhula Chitaliyana cha mkalasi, amayankhula Bergamasco, chiyankhulo cha konko, moti ngakhale munthu wa ku Napoli, mzinda wina wa ku Italy komweko, amangoti kukamwa yasa. Apempheni mwaulemu kuti akamayankhula ndi inu azigwiritsa cha dziko lonse, komanso "piano piano", pang'onopang'ono.

Za chulezo ndi zathu tonse. Kwathu l ndi r timangosinthanitsa, wina alembe Malita wina Marita palibe amadabwa, koma kumeneko male ndi choipa pomwe mare ndi nyanja. Muziyeserera mukamatsuka mbale, lana rana, male mare, r-yo lilime lizinjenjemera kuseri kwa mano akumwamba. China chomwe chimatipusitsa ndi ch, ife timawerenga ngati mu chala koma iwo amatchula k, ndiye chiave, kiyi wa pakhomo, ndi "kyave".

Koma musaiwale zomwe munapita nazo kale. Mawu awo ambiri amathera a, e, i, o ngati athu, ndipo nkhani ya Lei ndi tu yomwe imazunguza azungu ena inu munayamwira, ndi inu ndi iwe basi. Kwa akuluakulu Lei ndi moni wa buongiorno, moni wa ciao musungire anzanu.

Fufuzani CPIA ya mdera lanu, ndi sukulu za boma za anthu akuluakulu ndipo ndalama yake ndi yochepa kwambiri. Musazengereze chifukwa permesso yokhalitsa, chilolezo chokhala mdzikomo nthawi yaitali, imafuna Chitaliyana cha mlingo wa A2, ndipo kuyambira 2018 unzika umafuna mlingo wokwererapo wa B1. Ku shopu kuja bwereraniko sabata ino, mukanene ndi pakamwa kuti "vorrei della lana", ndikufuna ulusi woluka, akaseka mubwerezenso.