Tingatsimikize bwanji kuti dziko likutukuka?

Mmodzi mwa inu owerenga wandilembera imelo kufunsa kuti boma likamakonza ndondomeko ya chitukuko chokhazikika, limaika bwanji zolinga za chuma ndi umoyo wa anthu, nanga nzika zingadziwe bwanji kuti zakwaniritsidwa.

Kwa ine, cholinga chimene sichitchula chiwerengero, anthu okhudzidwa ndi chaka chomalizira chimakhala chikhumbo chabe. Mu 2015 mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana zolinga 17 zokhala ndi mfundo 169, ndipo pa nkhani ya ana analemba mosapita m'mbali kuti pofika 2030, omwalira asanakwanitse zaka zisanu asapitirire 25 pa ana 1,000 alionse obadwa amoyo. Pa nambala yotere boma lingathe kufunsidwa, malinga ngati likudziwa pamene linayambira, n'chifukwa chake kalembera wa anthu ndi kafukufuku wa m'makomo ayenera kuchitika ndondomekoyo isanalembedwe.

Pamene pavuta kwambiri ndi posankha muyezo. Maboma amakonda kunyadira kukwera kwa GDP, mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zopangidwa m'dziko pa chaka, koma nambala imeneyi imatha kukwera nkhalango zikutha, ndipo sinena kuti phindulo lalowa m'thumba la ndani. Poona zimenezi, akatswiri a zachuma, Mahbub ul Haq mothandizana ndi Amartya Sen, anakonza muyezo wa chitukuko cha anthu wotchedwa HDI, umene UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, inayamba kugwiritsa ntchito mu 1990, wophatikiza zaka zimene munthu akuyembekezeka kukhala ndi moyo, maphunziro ndiponso ndalama zimene amapeza.

Komabe muyezo umasocheretsa ukasankhidwa chifukwa choti ndi wosavuta kuwerengera. Zolinga 8 zimene mayiko ankatsatira kuyambira 2000 mpaka 2015 zinatsindika kuchuluka kwa ana olembetsa ku pulayimale, ndipo makalasi anadzazadi, koma m'mayiko ambiri osauka ana ochuluka ankakhala pasukulu zaka zingapo asakutha kuwerenga nkhani yaifupi. Akuluakulu a boma, monga munthu wina aliyense, amalimbikira chimene adzafunsidwe. Zolinga za 2015 zinakonza zimenezi pofunsanso kuti ndi ana angati amene akuthadi kuwerenga ndi kuchita masamu.

Choncho mukatenga lipoti la boma, muone ngati ziwerengerozo zagawidwa kuti akumudzi ndi akutauni, amayi ndi abambo, olemera ndi osauka aoneke paokhapaokha, pakuti nambala imodzi ya dziko lonse imabisa amene atsalira. Mufunsenso ngati ofesi yotolera ziwerengero ili ndi ufulu wofalitsa zimene yapeza ngakhale zitakhala zosakomera nduna.