Kwa achemwali ofunsa za uloya wa malonda ndi masheya

Achemwali, mwafunsa ngati mukamaliza digiri ya malamulo ku Zomba mungalunjike pa ntchito ya masheya osadzera m'khoti. Langizo langa ndi lakuti muyambe ndi milandu ya malonda.

Msika wathu ngwaung'ono. Malawi Stock Exchange (MSE), msika wa masheya uja wa pa Victoria Avenue ku Blantyre, inayamba malonda mu 1996 ndi kampani imodzi, NICO, ndipo mpaka lero makampani ake sanafike 20. Airtel Malawi ndi FDH Bank analowa mu 2020, koma zaka zina zimatha popanda wolowa. Ntchito yolemba prospectus, chikalata chofotokozera anthu za kampani yomwe ikufuna kuwagulitsa masheya, ikapezeka imagwera maofesi akuluakulu a maloya, ndiye loya wongoyamba sangadalire pamenepo.

Koma ku Commercial Division, nthambi ya High Court yoweruza milandu ya malonda, yomwe inakhazikitsidwa mu 2007, ntchito siitha. Banki ikufuna kugulitsa nyumba ya chikole, mwini wake wathamangira chiletso. Wamalonda wa ku Limbe anapereka katundu pa ngongole, wogula akukana, ndipo mlandu wonse watsamira pa delivery note, pepala lotsimikiza kuti katundu wafika, lomwe wina anaiwala kusayinitsa. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023, amene anapangana mitengo m'madola anadziwa kulemera kwa chiganizo chimodzi cha mu kontirakiti. Mudzakhala usiku ndi sitetimenti ya banki, rula ndi pensulo m'manja, kutsata mzere ndi mzere kuti muone ngati chiwongoladzanja anachiwerengera bwino. Musadzanyoze ntchito imeneyo. Ndaona kasitomala akupulumutsa nyumba yake chifukwa loya anapeza kuti ngongole inafufumitsidwa. Dziwaninso kuti milandu yambiri imayamba yapita kwa mkhalapakati, choncho kudziwa kukambirana n'kofunika ngati kudziwa kufunsa mboni.

Munthu amene waona mapangano akusweka pamaso pa jaji ndi amene amadzalemba zolimba akafika ku masheya. Pakadali pano werengani Companies Act ya 2013, Securities Act ndi Financial Services Act, onse awiri a 2010, komanso malamulo a MSE olowera pamsika. Woyang'anira gawoli ndi Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank, ndipo malangizo amene amatulutsa muziwatsata. Phunziraninso kuwerenga maakaunti a kampani. Apa mpamene maloya ambiri amafookera.

Chimandikhudza ine n'chakuti ndalama zambiri za pamsikapo ndi za penshoni za anthu ogwira ntchito wamba. Bwana wa kampani akagula masheya mwakachetechete atamva nkhani yomwe ena sanaimve, amabera anthu amenewa. Tikufuna maloya odziwa kuzigwira zimenezi, ndipo alipo ochepa.

Mukalowa mu ofesi ya maloya, pemphani mafayilo a mabanki ndi a inshuwalansi. Gulaninso masheya pang'ono kudzera kwa broker, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, kuti muzilandira lipoti la pachaka ndi kukakhala nawo pa msonkhano wa eni masheya, mukamve okha mafunso amene amafunsidwa kumeneko.