Za ulendo wa ku Corfe Castle ndi ana

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kuthera tsiku ndi ndalama kupita ndi ana ku Corfe Castle, linga lakale la ku England, poti pa zithunzi mukungoona mabwinja okhaokha. Ine ndikuti pitani, koma muwafotokozere kaye chimene chinagwetsa makomawo. Apo ayi adzangoona miyala n'kuyamba kulirira ayisikilimu.

Lingali lili ku Dorset, pa kaphiri kotsetsereka komwe kaima pampata wa mapiri a Purbeck. Wochokera ku Wareham kulowera kunyanja ankadutsa m'munsi mwake alonda akumuona. Analiyamba ndi William the Conqueror atalanda England mu 1066, ndipo nsanja yaitali yamiyala ija inamangidwa m'nthawi ya mwana wake, Henry I. Mwazi unakhetsedwapo kale linga lisanabwere: mfumu yachinyamata Edward inaphedwera ku Corfe komweko mu 978.

Koma ana akakopeka ndi nkhani ya mayi Mary Bankes, mkazi wa mwini lingali. Mu 1643, pa nkhondo ya pachiweniweni ya mfumu Charles I ndi Nyumba ya Malamulo, amuna awo anali atachokapo, ali limodzi ndi mfumu, pomwe adani a mbali ya Nyumba ya Malamulo anazinga linga. Mayiwa, ana awo aakazi, antchito ndi asilikali ochepa anagenda adaniwo ndi miyala ndi makala amoto kuchokera pamwamba pa makoma, mpaka adaniwo anabwerera manja ali m'khosi. Lingali linadzagwa mu 1646, osati ndi mphamvu ayi. Mkulu wina wa asilikali a m'kati momwemo analowetsa adani akunamizira kuti ndi obwera kudzathandiza. Kenako Nyumba ya Malamulo inalamula kuti liphulitsidwe ndi wonga.

Ndiye mukakafika, musathamangire pamwamba. Imani pa chipata cham'kati muone mmene chinang'ambikira pakati, mbali imodzi n'kutitimira pansi yathunthu. Zibuma zina zinangopendekeka, sizinagwe mpaka lero. Miyala yambiri anthu a m'mudzimo anatola n'kumangira nyumba zawo, mukaiona mukamayenda m'misewu.

Kuyambira 1982 malowa ali m'manja mwa National Trust, bungwe losamalira malo akale, choncho ngati muli mamembala simulipira pakhomo. Sitima yochokera ku London Waterloo mukatsikire pa Wareham, mukwere basi nambala 40 yopita ku Swanage. Nsapato zikhale zogwira pansi, majuzi musasiye chifukwa pamwamba mphepo yake si yamasewera, ndipo wakhandayo mukam'bereke pa chitenje, ngolo yake ikakuvutani pokwera. Nthawi ikatsalako, kwerani sitima yamalasha ya Swanage Railway. Siteshoni yake ili m'mudzi momwemo.